Kushauta kwa Elube

Ndikukumbukira chitini cha jamu. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ndikayambira pena ndidzikometsera mlandu.

Tinkakhala ku Makokoba, lokeshoni ya anthu akuda kudziko la eni kumene makolo anga anapita kukafuna ntchito, m'kachipinda kamodzi pamdadada wa nyumba za njerwa, nkhondo yaikulu ya azungu ili mkati. M'mawa uliwonse utsi wa mbaula za malasha unkagwirana ndi utsi wa sitima wochokera kusiteshoni, ndipo pamwamba pake pankalira tindege ta anyamata ophunzira kuulutsa. Amayi ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Ababa anali khukhi kumayadi, kutsidya kwa tauni, ndipo ankagona komweko m'kanyumba ka kuseri kwa khichini. Kwathu ankabwera Lamulungu masana okha, akatsiriza kutsuka mbale za nkhomaliro. Ankafika ndi kathumba ka pepala, mkati muli makoko a buledi ndi chitini cha jamu chimene adona achitaya chitatsala pang'ono pansi. Chitinicho chinali changa. Ndinali mwana mmodzi yekha, wopanda wolimbirana naye, ndipo ndinkachikomba ndi chala mpaka kuwala, kwinaku ndikuwawerengera Ababa Chingerezi cholembedwa papepala lake. Iwo ankangogwedeza mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Edina wangayu adzakhala mphunzitsi."

Chapansipansi ndiwo anali mayankhulidwe awo. Zaka zambiri za m'khichini ya azungu zinawaphunzitsa kuyenda ngati mphaka, kutseka chitseko osamveka, ngakhale kuyetsemula ankachita kumeza. Akasangalala ankaseka ndi mapewa okha. Ine ndinatengera komweko. Mawu anga anali ang'ono ngati a udzudzu, ndipo ndinkanyada nawo, poti ndinkati ndiwo mayankhulidwe a anthu ozindikira.

Tsiku loyamba limene ananditengera kuntchito kwawo, ndili wamng'ono ndithu, anandiphunzitsa lamulo la kumayadi. Kumeneko munthu wakuda sankagogoda pageti la kutsogolo. Unkazungulira n'kulowa kanjira ka kumbuyo kodutsa ngolo yotola zinyalala, n'kuima pafupi ndi mabini, n'kudikira. Osaitana, osakhosomola, osaponya kamwala padenga. Unkadikira mpaka khukhi atatuluka yekha kudzataya phulusa kapena makoko a mbatata. "Kuno amene amakweza mawu ndi mwini nyumba ndi galu wake basi," anatero Ababa. Lamulo limeneli ndinalidziwa ngati dzina langa. Muligwire bwino, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa.

Kenaka kunabwera kalata yochokera ku Ntcheu yonena kuti azakhali anga, mlongo wawo wa Ababa, amwalira ndipo asiya mwana wamkazi. Patapita miyezi ingapo mwanayo anafika ndi bambo wina wa kwathu amene ankabwerera kuntchito yake ya kunjanji. Linali Lamulungu, ine chala chili m'chitini, pamene panja panamveka, "Odiii kunooo!"

Abale inu! Ndinkayesa kwabwera mayi wamkulu ngati nkhokwe. Khanda la anzathu a khomo loyandikana linadzidzimuka n'kuyamba kulira, nkhuku zinathawira kuseri, anthu a mdadada wonse anasuzumira pazitseko. Koma pakhomo panaima kamtsikana ka msinkhu wanga, koonda, ka mapazi a ming'alu, katasenza kamtolo pamutu. Ameneyo ndiye anali Elube, msuweni wanga. Mawuwo anawatenga kumunda, komwe ankakhala pansanja tsiku lonse kuingitsa mbalame m'mapira ndi kuitana amake kutsidya kwa dambo. Ababa anamuyang'ana, n'kuyang'ananso, kenaka anaphulika ndi phwete. Anaseka kukamwa kuli yasa, misozi ili mbwembwembwe, mpaka ndinaona mano awo a kumbuyo amene ndinali ndisanawaonepo chibadwire. "Mawu a mlongo wanga enieni!" anatero. Atatero anatenga chitini m'manja mwanga n'kumupatsa. Ati mlendo ayambe.

Ndinadzitonthoza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame ake amenewa sanakamuke. Lamulungu lotsatira chitini chinayambira kwa Elube, linalo chimodzimodzi, ine n'kumalandira chitakombedwa kale m'mbali. Ababa akafika ankakhala pakhomo ndi mphwawoyo n'kumamufunsa za kumudzi: uje adakalipo, mtengo wa mkuyu uja unagwa, ndani analowa m'munda wa agogo. Elube ankayankha ndi Chinyanja chakuya, chamiyambi, chimene ine wobadwira mu lokeshoni ndinkangotolamo apa ndi apo. Ndikati ndiponyepo mawu, lilime linkaterereka n'kugwera m'Sindebele, chiyankhulo cha eni dziko, iye n'kuseka, Ababa n'kundikonza. Ine amene ndinkawawerengera zitini ndinasanduka wokonzedwa pakhomo pathu pomwe.

Nditadandaula kwa Amayi, anayankha osasiya n'kusita komwe. "Iwe, usamachite ngati sudziwa. Ameneyu ndi mbumba yawo. Kwathu mwamuna amayang'anira ana a mlongo wake. Iwe eni ake ndi amalume ako a ku Dedza." Amalume a ku Dedza amenewo ndinali ndisanawaonepo ngakhale pachithunzi. Ndinatuluka panja n'kukakhala pamwala wochapira, mtima ukuwawa ngati ndameza khala. Ndiye kuti ine bambo angawa ndinangobwereka? Nsanje inandilowa tsiku limenelo, ndipo ndisaname, inapeza malo abwino n'kuyala mphasa.

Chinanditsalira chinali chimodzi: sukulu. Kumeneko Elube anali mbuli yotheratu. Sankadziwa Sindebele, sankadziwa Chingerezi, sileti ankaigwira ngati mbale. Aphunzitsi athu, a Moyo, bambo wamtali wokonda kuyenda ndi kandodo kumbuyo, anamukhazika pafupi ndi ine kuti ndizimumasulira. Ndinkamasulira monyada, mokweza mphuno, kuti aliyense aone kusiyana kwa ife awiri.

A Moyo anali ndi kaphunzitsidwe kawo. Mawu a Chingerezi onena zochita sankafuna kuti tingowaloweza, ankafuna tiwachite. Akalemba mawu a kuima, tonse tiime. A kukhala, tikhale. A kudumpha, fumbi linkachita kuti kobo m'kalasimo. Tsiku lina analemba pabolodi zilembo zisanu: shout. Anafunsa amene akudziwa tanthauzo lake. Dzanja langa linali m'mwamba asanatsirize n'kufunsa komwe. Ndinati ndi kukweza mawu kwambiri, kumemeza pa Sindebele, kufuula pa chiyankhulo cha kwathu. Anavomera, n'kuwonjezera kuti munthu amatero pa zifukwa zitatu: pamene amene ukumufuna ali patali, pamene waona ngozi, ndi pamene chimwemwe chakusefukira. Tinalemba pamasileti kakhumi. Kuyambira tsiku limenelo ana tonse tinangoti kushauta, ndipo mpaka lero ndi mmene timanenera.

"Wadziwa bwino, Edina," anatero a Moyo. "Tsopano tichitire."

Ndinaimirira, ndinakoka mpweya, ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali ngati kamwana ka mphaka katsekeredwa m'kabati. Kalasi yonse inagwa nako kuseka. A Moyo anayesa anyamata awiri atatu, kenaka kandodo kanaloza Elube. Iye anandigunyuza n'kundifunsa kuti akuti chiyani. Ndinamuuza mwachipongwe kuti akuti uingitse mbalame. Anaimirira bwinobwino, n'kuika manja m'mbali mwa kamwa, n'kukuwa mmene ankachitira pansanja. Nkhunda zimene zinali padenga la tchalitchi zinauluka zonse. M'kalasi yoyandikana nayo anasiya kuimba, mphunzitsi wake n'kubwera chothamanga kudzaona amene wavulala. A Moyo anaika kandodo pansi n'kuomba m'manja. "Nonse mwamva? Edina watiuza tanthauzo. Uyu watipatsa mawu enieniwo."

Ndinamva kuwawa kwake mpaka m'mano. Mawu ake anga, ndawadziwa ndine, ndamasulira ndine, koma m'manja akuombera munthu wosadziwa ngakhale chilembo chake choyamba!

Sizinathere pomwepo. Patsiku lotsekera sukulu makolo ankabwera kudzaonerera ana akuguba pabwalo, ndipo mwana mmodzi ankaima kutsogolo n'kumaitanira malamulo a kagubidwe m'Chingerezi. Chaka chonse ndinkadziwa mumtima kuti udindo umenewo ndi wanga, poti Chingerezi ndinkaposa onse. A Moyo anaupereka kwa Elube. Ine anandipatsa ntchito yomuphunzitsa mawuwo. Madzulo aliwonse tikatunga madzi pampopi tinkaima kuseri kwa nyumba, ine n'kumanong'ona lefuti, raiti, iye n'kumazibweza mokweza mpaka amayi a mdadada wachitatu ankaguba nawo moseka ndi mitsuko pamutu. Ababa atamva za nkhaniyi ananena chinthu chimene chinanditsiriza. Anati akapempha adona kuti awalole kuchoka Lachisanu limenelo, adzaone mphwawo akulamula sukulu yonse. Ine ndinali nditalandirapo buku la mphotho zaka ziwiri zotsatizana, koma sanapemphepo tchuthi ngakhale cha ola limodzi.

Kutatsala milungu iwiri kuti titsekere, Loweruka lina, Amayi anatituma. Kwa adona kunali alendo, ndipo Ababa ankafuna yunifolomu yawo yachiwiri, yoyera mbee, imene Amayi anaichapa n'kuiumitsa ndi sitachi. Anaikulunga m'pepala n'kumusenzetsa Elube. Kwa ine anati, "Mnzakoyu sanapiteko. Umulangize za kanjira ka kumbuyo, wamva?" Ndinati ndamva.

Tinadutsa tauni dzuwa likuswa mtengo. Elube ankadabwa chilichonse: misewu yotakata ngati mabwalo, zidole zovala madiresi m'mawindo a masitolo, maluwa a jakaranda atagwa pansi ngati wina wayala nsalu. Ankandifunsa ichi n'chiyani, icho n'chiyani, ndipo pena ankandigwira dzanja powoloka msewu. Ankandikhulupirira, mwana wa eni. Ine njira yonse ndinkakambirana ndi nsanje yanga, ndipo pofika kumayadi tinali titagwirizana.

Kanjira ka kumbuyo ndinakadutsa ngati sindikukaona. Ndinamutengera kutsogolo, pageti lachitsulo lopaka utoto wobiriwira. Kupyolera mumpanda wa maluwa ndinaona pakhonde pali azimayi achizungu anayi, zipewa kumutu, makapu a tiyi m'manja. Ndinawaona bwinobwino, ndisanamizire kuti sindinawaone.

"Amalume ali kuti?" anafunsa Elube.

"Kukhichini, kumbuyo kwenikweni. N'kutali, sangamve. Ushaute ngati kusukulu."

"Nanga iwe?"

"Ine mawu anga ukuwadziwa," ndinatero, n'kubwerera m'mbuyo kukabisala kuseri kwa mtengo.

Elube anachita zimene mwana aliyense woleredwa bwino kumudzi akanachita pofika pakhomo pa eni. Anatula katundu kumutu n'kumugwira ndi manja awiri, anawerama pang'ono mwaulemu, n'kutsegula kukhosi. "Odiii! Odi kunooo! Amalumeee! Tabwera ndi zovalaaa!"

Agalu awiri anatulukira uku akuuwa, a nyumba yoyandikana n'kulandira, mpaka msewu wonse unali agalu okhaokha. Pakhonde kapu inagwa n'kusweka. M'nyumba khanda limene linali mtulo linayamba kulira. Ndinaona Ababa akutuluka pakona ya nyumba chothamanga, thaulo lili paphewa, ndipo adona anawadula njira pakati pa kapinga. Nkhope ya adonawo inali psuu. Zimene ananena sindinazimve zonse, koma mawu amodzi ndinawamva bwino, poti ndinali nditawalemba pasileti kakhumi. Anawabwereza katatu, chala chili pamphuno pa Ababa, akufunsa kuti ndani walola anthu a ku lokeshoni kudzashauta pageti pawo. Iwo eni ake ankashauta kuposa Elube, koma paja ndi mwini nyumba. Ababa, bambo wa imvi zoyamba kale, anaima manja kumbuyo, mutu pansi, akungoti inde adona, pepani adona, alendo aja akuonerera.

Kenaka adona analoza kugeti. Ndinadziwa tanthauzo lake: thamangitsa munthu wakoyo, apo ayi nawenso unyamuke. Ababa anayenda kufika pageti. Elube anamwetulira n'kutambasula manja kuti apereke zovala. Ndipo Ababa, amene chibadwire changa sindinawamvepo akukweza mawu, anakuwa. Sanakuwe m'Chinyanja. Anakuwa m'Chilapalapa, chiyankhulo chimene azungu ankalamulira nacho antchito, kuti adona amve kuti ntchito yagwirika. "Suka lapa! Hamba! Hamba!" Mawu awo anatuluka osweka, ngati chitseko chimene chakhala zaka osatsegulidwa. Elube Chilapalapa sankachidziwa, koma panalibe chofuna womasulira. Kaphukusi kanapulumuka m'manja n'kugwera m'fumbi. Ababa anakatola, ndipo powerama maso awo anadutsa pansi pa mpanda n'kupeza mapazi anga kuseri kwa mtengo. Anatembenuka n'kubwerera kukhichini.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinamva chisoni nthawi yomweyo. Ayi. Poyamba mtima unati myaa. Ndinati eya, aone, wakalipiridwa ndi amalume ake omwewo. Kukomako kunandiperekeza mpaka pakati pa tauni. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira kuti Elube sanatulutse liwu ngakhale limodzi chichokereni pageti paja, sakulira, sakufunsa za masitolo, ndipo powoloka msewu sanandigwire dzanja. Titafika kunyumba Amayi anafunsa ngati tayenda bwino. Iye anangogwedeza mutu. Sananene kuti ndinamutengera kutsogolo ndine, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Mawa lake, Lamulungu, Ababa anabwera mochedwerapo. Anauza Amayi chapansipansi kuti ntchito yapulumuka, koma za tchuthi cha Lachisanu lija aiwale. Anaitana Elube n'kumukhazika pambali pawo, n'kuyamba kumufotokozera za lamulo la kumayadi, ngati wolakwa ndi iwo. Elube anangoyang'ana pansi n'kumati, "Inde, amalume," motsitsa kwambiri moti anachita kutchera khutu. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Edina, kuntchito kwanga wabwerako kangati?"

"Kambiri, Ababa."

"Unalowerapo pageti la kutsogolo?"

Ndinkadikira mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Koma iwo anapisa dzanja m'kathumba ka pepala, natulutsa chitini cha jamu, n'kundiikira m'manja. "Tenga chonse," anatero. "Si ichi unkafuna?"

Ndinakhala nacho pamwala wochapira mpaka nyerere zinachipeza. Sindinathe kupisamo chala.

Lolemba kusukulu a Moyo anaimika Elube kutsogolo kuti tiyeserere kuguba. Iye anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali kunong'ona. Anamunyengerera, anamuopseza ndi kandodo, anafunsa ngati wadwala chimfine. Iye anangoti, "Sindingathe." A Moyo anayesa masiku atatu, kenaka anagwa ulesi n'kundiloza ine. Choncho udindo umene ndinkaulirira chaka chonse ndinaupeza. Patsiku lotsekera ndinaima kutsogolo kwa sukulu yonse, diresi yositidwa, mafuta ali nyezinyezi kumaso. Ndinaitanira ndi mphamvu zanga zonse. Mzere woyamba unamva n'kutembenukira kumanzere. A kumbuyo sanamve, ena anapita kumanja, ena anapitirira kutsogolo n'kugundana ndi anzawo, makolo n'kumagwa nako kuseka. Ndinayang'ana m'gulu la anthu, ngakhale ndinkadziwa kuti Ababa kulibe. Anali kukhichini, akusenda mbatata. Elube anali mumzere wotsiriza, akuguba mwakachetechete.

Tinakula. Ine ndinakhaladi mphunzitsi, wa ana ang'onoang'ono amene safuna mawu aakulu. Elube anakwatiwa ndi mwamuna wogwira ntchito kufakitale ku Donnington, nabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo anthu ankamudziwa ngati mayi wofatsa, wosakweza mawu. Ine ndekha ndinkadziwa chimene chinatsekeredwa m'chifuwa chimenecho, ndi amene anatseka. Tinkayenderana, tinkathandizana pamaliro ndi pamaukwati, koma za geti lobiriwira palibe anazitchula.

Amayi atamwalira ndinawatenga Ababa kudzakhala nane kuno ku Tshabalala. Apa n'kuti atakalamba, ndipo makutu anayamba kutseka pang'onopang'ono mpaka anatsekeratu. Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwameta ndevu, koma ndikayankhula ankangoyang'ana milomo yanga n'kumwetulira mwaulemu ngati ndine mlendo. Tsiku lina Elube anabwera kudzawaona. Anawapatsa moni motsitsa, iwo osamva. Anabwereza, osamva. Ndinamuona akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba, kenaka anaika manja m'mbali mwa kamwa. "Amalumeee! Mwadzuka bwanjiii!" Mawindo ananjenjemera. Nkhope ya Ababa inawala ngati wina wayatsa nyali, ndipo anaseka kukamwa kuli yasa, ngakhale mano a kumbuyo aja anali atatha. Kuyambira pamenepo chilichonse chofunika kuwauza chinkadikira Elube. Za mankhwala, Elube. Za uthenga wa kumudzi, Elube. Ine mayi wa imvi, wa zidzukulu, ndinkaima pakhomo la khichini yanga yomwe ndi thaulo m'manja, nsanje ija ikundidya ngati ndili ndi zaka khumi.

Atayamba kufooka ndinaona kuti nthawi ikutha. Masana ena tili atatu pakhonde ndinamukoka Elube pambali. "Msuweni, ndithandize. Uwauze kuti za pageti zija ndinachita dala ndine, ndipo ndikupepesa. Kwa iwo ndi kwa iwe."

Elube anapukusa mutu. "Zimenezo unene wekha," anatero. "Tanthauzo la mawu aja unatiuza ndiwe m'kalasi. Amene ukumufuna ali patali. Shauta."

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, ndinaika pakamwa pakhutu pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakuwa osasamala za aneba. "Ababa! Ndinali ine! Ndinachita dala! Pepani!" Kukhosi kunandiwawa, misozi inatsika, mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Ababa anandiyang'ana mwachifundo, n'kundisisita paphewa. Kenaka anatembenukira kwa mphwawo.

"Elube, akuti chiyani mnzakoyu?"

Elube anandiyang'ana, n'kuwayang'ana iwo. Anawerama n'kukuwa kuti, "Akuti akukakutengerani tiyi, amalume!"

"Oho," anatero Ababa. "Aike jamu pabuledi."

Ndinapita kukawapangira tiyi. Anamwalira mvula yotsatira isanagwe, ndipo mawu otsiriza amene anawamva padziko pano anali a Elube.

Masiku ano zonse zinasintha. Kumayadi kuja kukukhala anthu athu, ndipo mdzukulu wanga wina amaimika galimoto pageti la kutsogolo n'kuliza hutala mpaka amutsegulire. Ku Renkini anyamata oitanira mabasi amakuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, palibe amawaloza chala. Zidzukulu zanga Chichewa zimangomva, kuyankha zimayankha m'Sindebele ndi m'Chingerezi, ndipo zikamayankhula pafoni msewu wonse umadziwa nkhani zawo. Jamu ali m'kabati, botolo lathunthu, mpaka amachita nkhungu osadyedwa. Elube naye anapita zaka zapitazo. Tsopano makutu anga ndi amene ayamba kutseka. Ana akamandiyankhula ndimaona milomo yokha ikugwedera, ndimamwetulira mwaulemu, iwo n'kumati agogo ndi ofatsa. Sadziwa kuti ndimakhala ndikudikira munthu mmodzi yekha amene mawu ake akanandifika, yemwe uja ndinamutsekera pakamwa chifukwa cha chitini cha jamu.